Nyumba imodzi yomwe inaletsa Washington kukwera m'mwamba

Mkangano wakale unadzukanso mu 2023, pomwe meya wa Washington, likulu la dziko la America, Muriel Bowser, ananena kuti lamulo loletsa nyumba zitalizitali liunikidwenso. Mliri wa COVID-19 unali utasiya maofesi ambiri a pakati pa mzindawu ali pululu, pomwe lendi ya nyumba zogona sinkatsika. Iye ankafuna kuti pakatipo pabwere anthu okhalapo.

Alendo ambiri amauzidwa kuti mumzindawu saloleza nyumba kupitirira denga la Capitol, nyumba yomwe aphungu a dzikolo amakumaniramo. Nkhaniyi imakoma m'khutu, koma m'lamulo lomwe likugwira ntchito mulibe zoterozo. Gwero lenileni lili pa msewu wa Q, chakufupi ndi Dupont Circle.

Pamenepo, mu 1894, katswiri wojambula mapulani a nyumba Thomas Franklin Schneider anamanga nyumba ya nsanjika 12 yotchedwa Cairo, yotalika mamita 50. Inaimikidwa pa mafupa a zitsulo, luso lomwe panthawiyo linali lachilendo. Khomo lake ndi lalikulu, lokhota ngati uta, lozokotedwa maluwa. Taganizani munthu wa nyumba ya njerwa ya nsanjika zitatu akudzuka m'mawa n'kupeza chikhoma chamutchingira dzuwa. Anthu oyandikana nayo anakwiya kwabasi. Ena ankaopa kuti igwa, ndipo funso lomwe linavuta kuyankha linali la moto: makwerero a ozimitsa moto sakanafika pamwamba pake. Chaka chomwecho akuluakulu atatu omwe ankayendetsa mzindawu anaika malire a kutalika kwa nyumba. Nyumba ya malamulo ya Congress inakhazikitsa lamulo lake mu 1899, n'kulikonzanso mu 1910.

La mu 1910 ndi lomwe lilipo mpaka pano. Limayeza nyumba ndi msewu womwe yayang'anako: kukula kwa msewuwo m'lifupi, kuonjezerapo mamita 6. Komabe m'misewu ya malonda nyumba isapitirire mamita pafupifupi 40, m'misewu ya nyumba zogona 27, kupatula chigawo china cha Pennsylvania Avenue chomwe chinaloledwa kufika 49.

Olemba mbiri ena amati chinatsogola ndi mantha a moto, ena amati ndi mkwiyo wa anthu ofuna kuwala ndi mpweya. Kwa ine umboni wa moto ndi womwe ukulemera. Zoti mzinda uzioneka bwino, chipilala cha Washington Monument chizionekera patali, zinadzakula mphamvu pambuyo pake, ndipo lero ndi zomwe oteteza lamuloli amatsamira. Mfundo yawo si yopanda pake. Ukaima m'mbali mwa mtsinje wa Potomac, kutsidya ku Rosslyn, m'chigawo cha Virginia, kuli nyumba za magalasi zothithikana, pomwe kuno thambo lili poyera. Koma thambo limenelo amalipirira ndi munthu wa lendi, yemwe amakankhidwira kutali ndi kuntchito kwake.

Zaka zambiri zinadutsa lamuloli osagwedezeka. Ngakhale mu 1973, mzindawu utapatsidwa ufulu wosankha meya ndi khonsolo, Congress inasunga mphamvu pa nkhani ya kutalika kwa nyumba. Chodabwitsa chinachitika mu 2013. Darrell Issa, phungu wa ku California, ndi amene anatsegula khomo popempha kafukufuku mu 2012, ndipo ofesi ya mapulani ya meya Vincent Gray inafuna kuti malire akwezedwe. Koma makhansala a mzinda womwewo anakana, 12 mwa 13. Chomwe chinatuluka mu 2014 n'chaching'ono: zipinda za padenga, zomwe kale zinali za makina okha, zinaloledwa kukhalamo anthu.

Cairo ikadalipo pa msewu wa Q, ndipo mukukhala anthu. Munthu atabwera lero ndi pulani yomanga inzake yofanana nayo pafupi pomwepo, sangapatsidwe chilolezo.