Mfuti ya moto siyothamangitsira akuba

Ntchito yanga ndi yophunzitsa alonda. Tsiku lina bambo wina wa ku Area 49 anandionetsa pafoni chithunzi cha kamfuti kapulasitiki, akuti m'bale wawo wa ku Joni angathe kuwatumizira. "Achimwene, kameneka sikangandithandize akabwera a zikwanje?"

Kameneko ndi flare gun, chida cha m'maboti ndi m'sitima zapamadzi. Injini ikafa pakati pa nyanja, mumaloza kumwamba n'kuwombera. Kamoto kofiira kamakwera, n'kuyaka masekondi ochepa kuti akutali adziwe kuti kuno zavuta. Ena amati Very pistol, potengera dzina la Edward Very, msilikali wapamadzi wa ku America amene anaikonza m'zaka za m'ma 1870. Anaipangira kuitana anthu basi.

M'katiriji mwake, kachitini kamene mumaika m'mfutimo kuti muwombere, mulibe chipolopolo cha mtovu. Muli mankhwala oyaka, magnesium wowalitsa ndi strontium wofiiritsa. Kamotoko n'kopepuka, sikathamanga ngati chipolopolo, ndiponso sikapita pamene mwaloza. Kangavulaze munthu koopsa, inde, koma kangathenso kungomenya jekete n'kugwera pansi, wakubayo akubwerabe. Ndipo mumawombera kamodzi kokha. Kenako muithyole pakati, muchotse katiriji, muikemo ina, mumdima, manja akunjenjemera. Kodi a zikwanje amabwera mmodzi?

Chimene chimandiopsa ine ndi kumene kamotoko kagwere. Mankhwala ake amatulutsa okha mpweya woyatsira moto, n'chifukwa chake sikazima wamba, ngakhale kunja kukugwa mvula. Tsono taganizirani chipinda chanu: matiresi, makatani, neti ya udzudzu, mwinanso chigubu cha petulo chomwe munasunga nthawi ya mizere ija. Mawindo onse munawatchinga ndi zitsulo poopa akuba omwewo. Ana atulukira pati? Mukawombera panja mwezi wa Okutobala, udzu uli gwaa, mpanda wa aneba ndiye wapita, ndipo m'mawa mlandu ndi wanu. Ku Montreux, m'dziko la Switzerland, nyumba ya kasino inapsa yonse mu Disembala 1971 munthu wina atawombera flare gun kudenga anthu akuonera oimba.

Katiriji ya zina mwa mfutizi ndi ya 12 gauge, saizi yofanana ndi ya mfuti yeniyeni yotchedwa shotgun, ndiye ena amaganiza zoikamo katiriji ya shotgun. Musayerekeze. Pulasitiki imeneyo ikuphulikirani m'manja.

Za mfuti kuno kwathu zimayendera lamulo la Firearms Act, ndipo chilolezo amapereka ndi apolisi. Musanalandire katundu wotereyu kuchokera kunja, kafunseni kaye kumeneko.

Bambo aja ndinawafunsa ngati ali ndi nambala ya wapampando wa achitetezo cha m'dera lawo. Analibe. Wenzulo analibenso, ndipo babu la kuseri kwa nyumba akuti linapsa kalekale. Tinayambira pa babupo.