Mgolo wopanda kanthu sindiye kuti ndi woyera

Madzi akamavutavuta muno mu Johannesburg, migolo ya buluu ndi mathanki aja a malita 1,000 amayenda malonda. Ena amasungiramo madzi, ena amalongedzamo katundu n'kupatsa matransipota, ndipo ukafika kumudzi mgolowo umakhala wa chimanga kapena wa thobwa la pa ukwati. Ine ntchito yanga ndi yoona za chitetezo cha antchito pa fakitale ina ya makemikolo cha ku Germiston, ndipo ndikaona migolo imeneyi pamsewu mtima umandiwawa, chifukwa ndikudziwa chintchito chimene chimakhalapo kuti chiwiya chituluke pageti chili chotetezeka.

Thanki kapena pampu ikatha ntchito, sitithamangira madzi. Timayamba tawerenga chikalata cha mankhwala amene anali m'katimo, chotchedwa Safety Data Sheet, chomwe chili ndi zigawo 16. Katsukidwe kamadalira mankhwalawo. Asidi timamupha mphamvu ndi soda, zamafutamafuta zimafuna nthunzi yotentha kapena sopo wamphamvu, ndipo ena sagwirizana ndi madzi n'komwe. Mukathira madzi mu asidi wa sulphuric wosasungunula, amatentha n'kukuthovukirani kumaso.

Kenako timatseka mavavu, kukhoma loko, n'kutchinga paipi ndi chitsulo chafulati kuti wina akatsegula mwangozi kusabwere kanthu. Timakhuthula, kutsukuluza, kupopera nthunzi, ndipo ngati munali zoyaka timathamangitsa mpweya wake ndi nitrogen. Apa mpamene anthu amafera. Nitrogen sanunkha, saoneka, ndipo munthu akangosuzumira mutu m'thanki yodzaza mpweya umenewu amakomoka asanakuwe. N'chifukwa chake timalowetsanso mpweya wabwino n'kuyeza ndi makina, mpaka oxygen afike pa 20.9 peresenti ngati wa panja.

Chovuta kwambiri ndi mobisika. Thanki itha kuwala m'kati, koma mukamasula vavu mupeza timadzi tachikasu tatsalira kuseri kwake, labala wa pamfundo atafufuma ndi mankhwala, ndipo pansi pa dzimbiri pali matope amene amatulutsabe mpweya dzuwa likawomba. Ndiye maso ndi mphuno sitizikhulupirira. Madzi otsukuluzira omaliza amapita ku labotale, ndipo zotsatira zikakhala bwino m'pamene timamangirira chikwangwani ndi kusaina chiphaso. Madzi akudawo sapita m'ngalande ya mvula, poti ngalande za kuno zimakathira m'mitsinje ya Jukskei ndi Klip. Lamulo la zinyalala la 2008 limafuna kuti zinyalala zoopsa zipite kumalo ovomerezeka, monga ku Holfontein kufupi ndi Springs. Dziko lino linaphunzira mowawa: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 antchito a Thor Chemicals ku Cato Ridge anamwalira ndi poizoni wa mercury.

Tsono tibwere kwa anzathu a maganyu. Abwana akupatsani mgolo wachitsulo wa malita 210 kuti muudule ndi grinder mupange chowotchera nyama. Mwaugwedeza, mulibe kanthu. Komatu chimene chimaphulika si madzi a petulo kapena thinasi ayi, ndi nthunzi yake ikasakanikirana ndi mpweya. Ya petulo ikangokwana pafupifupi 1.4 peresenti ya mpweya wa mumgolomo, kamoto kamodzi kothetheka n'kokwanira kuchotsa chivindikiro pamodzi ndi dzanja la munthu. Kutsukuluza kamodzi ndi paipi ya pamunda sikuchotsa nthunzi imeneyi. Lamulo la chitetezo pa ntchito la 1993 limalamula olemba ntchito kukuuzani kuopsa kwa zimene mukugwira, choncho kufunsa kuti munali chiyani si mwano.

Pulasitiki nayo ili ndi vuto lake. Imamwa mankhwala ena, makamaka ophera tizilombo ndi osungunulira penti, monga muja mtondo umagwirira fungo la nsinjiro, ndiye imawatulutsa pang'onopang'ono m'madzi amene ana akumwa. Ngakhale ife a makina sitingabweze mgolo wotere kuti ukhale wa zakudya. Zigubu za mankhwala a m'munda zimatsukuluzidwa katatu, kenako n'kubooledwa dala kuti wina asatungiremo madzi.

Pogula mgolo, funsani chomwe munali, ndipo muone pepala lake ndi maso anu. Wa juwisi kapena mafuta ophikira ulibe vuto mukautsuka bwino. Mukaona chizindikiro cha chigaza, lawi la moto kapena nsomba yakufa m'kabokosi ka mzere wofiira, kapena pepala lapalidwa, usiyeni ngakhale mtengo ukhale wotsika chotani. Wina akamwa madzi a mumgolo wokayikitsa n'kuyamba kusanza kapena chizungulire, musamukakamize kusanza, imbani 0861 555 777, nambala ya muno mu South Africa yothandiza pa za poizoni usana ndi usiku, ndipo pothamangira kuchipatala mutenge chithunzi cha pepala la pamgolopo.