Chikopa chonyamula dzina la mbalame: timachizindikira bwanji?

M'nkhalango zotsala pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo, ndiponso m'zigwa za phiri la Mulanje, mumakhala kambalame kofiirira kumsana, koyera pakhosi, kokonda kulondola linthumbu kuti kazitola tizilombo tothawa. Mu 1927 katswiri wa mbalame W. L. Sclater anakapatsa dzina loti Alethe choloensis, kuchokera ku "Cholo", mmene atsamunda ankalembera Thyolo. Pano kanasamutsidwira m'gulu la Chamaetylas, koma choloensis silinasinthe, chifukwa malamulo a maina a nyama salola kukonza dzina pongofuna kuti ligwirizane ndi kalembedwe ka lero.

Dzina lotere limamangiriridwa pa chikopa chenicheni chosungidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, chofutidwa thonje, chogonekedwa chagada m'dirowa, kapepala kali kumwendo. Chikopachi amachitcha type. Ambiri amaganiza kuti chimakhala chokongola kuposa zinzake kapena choimira bwino mtunduwo. Ayi ndithu, chikhoza kukhala chothothoka nthenga. Ntchito yake ndi imodzi: akatswiri akatsutsana ngati mbalame za ku Mulanje ndi za ku phiri la Namuli ku Mozambique zili mtundu umodzi, dzina limatsata gulu limene chikopacho chagwera.

Wolemba akasankha chikopa chimodzi, chimenecho ndi holotype, ndipo zina zimene anagwiritsa ntchito ndi ma paratype, zomwe sizinyamula dzina. Vuto lili kwa akale. Alexander Whyte, yemwe anakwera Mulanje mu 1891, ankatumiza zikopa ku London, ndipo G. E. Shelley ankazifotokoza mu magazini ya Ibis. Ndi mmene Apalis flavigularis, kambalame kachikasu pakhosi kopezeka m'Malawi mokha, kanapezera dzina mu 1893. Olemba a nthawi imeneyo kawirikawiri sankasankha chikopa chimodzi. Zikatero zonse zimene wolemba anali nazo zimakhala ma syntype, zimanyamula dzina limodzi mogawana. Nanga zikadzapezeka kuti mwasakanikirana mitundu iwiri? Apo katswiri wina amasankhapo chimodzi n'kulengeza m'buku kuti ndicho lectotype. Neotype ndi chikopa cholowa m'malo, zikopa zonse zonyamula dzina zikatayika. Kuyambira mu 2000 chipwirikitichi chinatsekedwa: dzina latsopano silivomerezeka ngati wolemba sanatchule type yake.

Tsono pofufuza musayambire ku dirowa. Yambani ndi nkhani yoyamba imene inalengeza dzinalo, mulembe zonse: malo, tsiku, wogwira, yaimuna kapena yaikazi, zikopa zingati, ndi miyezo ya phiko, mchira, mlomo ndi mwendo. Mukatero ndiye mupite ku chikopa.

Kumwendo mungapeze timapepala tiwiri kapena titatu. Kofunika kwambiri ndi kakale kaja, kothimbirira, kolembedwa pamanja ndi wogwira mbalameyo ali kutchire. Kofiira, komwe ndi chizindikiro cha type, si umboni paokha, chifukwa nthawi zina kanamangidwa ndi wosamala zikopa patapita zaka zambiri, mongoyerekeza. Onani madeti bwinobwino. Chikopa chogwidwa dzina litasindikizidwa kale sichingakhale holotype kapena syntype, ngakhale kapepala kanene chotani. Pamenepa ambiri amapunthwa ndi nambala za ku Natural History Museum, nyumba yosungiramo zachilengedwe ya ku London imene mbalame zake zili ku Tring ku England: nambala zakale zimayamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, koma limenelo ndi tsiku lolembetsa chikopacho m'kaundula, osati logwira mbalameyo. Ndiye fananitsani ndi kaundulayo, ndi makalata a wogwira ngati alipo.

Miyezo nayo imanyenga. Akale a ku Britain ankayeza m'mainchesi, ndiye chulukitsani ndi 25.4 kuti mupeze mamilimita. Chikopa chikauma phiko limafupika pang'ono, ndipo wina amayeza phiko ataliwongola pa rula pomwe wina amalisiya lopindika mwachibadwa. Kusiyana kwa milimita imodzi kapena ziwiri kusakudetseni nkhawa. Kukafika pa khumi pa kambalame kakang'ono ngati aka, mwagwira chikopa china. Mtundu wa nthenga musaudalire kwambiri, poti umasuluka kapena kufiirira ndi zaka, ndipo miyendo ndi mlomo zimataya mtundu zikangouma.

Malo olembedwa pa kapepala muwakopere mmene alili, kaya "Milanji" kaya "Mlanje", kenako mufotokoze padera kuti ndi Mulanje. Kapepala kakale sikachotsedwa kapena kufufutidwa. Zokonza zimalembedwa pa katsopano. Ofuna DNA amapala kachidutswa kakang'ono pansi pa chala cha mbalameyo, ndipo pa type chilolezo chake n'chovuta kupeza. Zikopa zambiri zakale anazipaka arsenic poopa tizilombo todya nthenga, choncho valani magolovesi ndipo musambe m'manja musanakhudze chakudya.