Lamulo lomwe linamanga manja banki yaikulu ya Bulgaria: mafunso ndi mayankho

Maiko omwe anatuluka mu chikomyunizimu chaka cha 1989 chitadutsa anavutika kwambiri ndi kukwera mitengo kwa zinthu, ndipo ena mwa iwo anathawira ku lamulo lotchedwa currency board. Bulgaria ndi pomwe nkhaniyi imaoneka bwino.

Kodi currency board ndi chani kwenikweni?

Ndi lamulo loti banki yaikulu isatulutse ndalama ya dzikolo pokhapokha ili ndi ndalama zakunja zokwanira mnkhokwe mwake zoimira ndalama imeneyo. Ku Bulgaria linayamba pa 1 Julaye 1997, anati ma lev 1,000 (lev ndiyo ndalama ya dzikolo) akhale mark imodzi ya Germany ndipo banki yaikulu izisintha pa mtengo umenewo nthawi iliyonse, palibe zokambirana. Boma linaletsedwa kukongola ku banki yaikulu kuti litsekere bajeti, mabanki wamba nawonso anauzidwa kuti zothamangira kumeneko akasowa ndalama zatha. Ndiye ma lev ankachuluka mdziko pokhapokha forex ikalowa, ikamatuluka nawonso ankachepa, basi.

Chinachitika nchani kuti dziko lifike pozimanga chonchi?

Makampani aboma omwe anatsala kuchokera mnthawi ya chikomyunizimu ambiri ankangoluza, koma kuwatseka kunali koopsa kwa andale chifukwa ndi momwe munali ntchito za anthu. Ndiye mabanki ankawabwerekabe ndalama zomwe aliyense ankadziwa kuti sizibwezedwa, mabankiwo akauma banki yaikulu nkumawapatsa ma lev atsopano kuti asagwe, ma lev omwe kumbuyo kwake kunalibe tirigu wowonjezera kapena katundu wina aliyense. Mu 1996 zinaphulika. Anthu anadzaza mmabanki kukatenga ndalama zawo, mabanki oposa khumi anatsekedwa, buledi anasowa, ndipo lev yomwe kumayambiriro kwa 1996 inali cha m'ma 70 pa dola imodzi inafika cha m'ma 3,000 mu Febuluwale 1997. Mwezi umenewo wokha mitengo inakwera ndi 242 peresenti. Mwezi umodzi, osati chaka. Tangoganizani gogo wolandira penshoni mu Sofia, likulu la dzikolo, akuima pa mzere wa buledi ndi ndalama ya mwezi wonse yomwe ikasinthidwa ikungokwana madola owerengeka, pomwe zomwe anasunga kubanki moyo wake wonse zasungunuka iye akuona. Zimenezi zimandikhudza ine kuposa manambalawo. Boma la Zhan Videnov linatula pansi udindo mu Disembala 1996, mu Januwale anthu anadzaza mmisewu mpaka kulowa mnyumba ya malamulo, ndipo boma la Ivan Kostov lomwe linabwera pambuyo pa chisankho ndi lomwe linakhazikitsa lamuloli mogwirizana ndi IMF.

Koma si kuti mitengo inakwera chifukwa boma linasiya kuika mitengo yokha?

Funso labwino ili, ndipo yankho lake ndi eya koma kamodzi kokha. Mu chikomyunizimu mitengo inkaikidwa ndi boma, anthu nkumalandira malipiro koma mmashopu mulibe zogula, ndiye ndalama zinkangounjikana mmabuku a kubanki ndi mmanyumba. Tsiku lomwe mitengo yamasulidwa ndalama zonsezo zimathamangira katundu wochepa uja ndipo mitengo imadumpha. Ku Poland zinatero mu Januwale 1990 pansi pa ndondomeko ya nduna ya zachuma Leszek Balcerowicz, mitengo inakwera pafupifupi 80 peresenti mwezi umenewo, koma poti anatseka mpopi wa ngongole zotchipa nkuika ndalama yawo ya zloty pa 9,500 pa dola, miyezi yotsatira kukwerako kunatsika msanga. Ku Russia anamasula mitengo pa 2 Januwale 1992 koma mpopi unatsegulidwanso, makamaka Viktor Gerashchenko atatenga banki yaikulu pakati pa chakacho nkumathira ngongole mmafakitale, komanso mabanki akulu a maiko ena omwe anali mu Soviet Union ankaperekabe ngongole mu ma ruble omwewo a Russia, aliyense kutapa mnkhokwe imodzi. Chaka cha 1992 chinatha mitengo itakwera pafupifupi 2,500 peresenti. Ku Ukraine mu 1993 inadutsa 10,000 peresenti. Kudumpha koyamba kuja kunali kosapeweka, koma kupitilira kwa zaka kunkafuna wina woti aziwonjezera ndalama mwezi ndi mwezi.

Ndiye ndalama zikachuluka kawiri mitengo imakweranso kawiri?

Ayi, sizimayenda mwamasamu choncho. Anthu akataya chikhulupiriro sasunganso ndalamayo, munthu akalandira mmawa pofika masana wagula madola kapena mafuta ophikira, ndiye ndalama yomweyo imazungulira mwachangu ndipo mitengo imathamanga kuposa momwe ndalama zachulukira. Chikhulupiriro chikabwerera zimatembenuka, ndalama zitha kuwonjezeka ndithu mitengo osasuntha kwenikweni chifukwa anthu ayambanso kusunga.

Lamuloli linagwira ntchito?

Pa nkhani ya mitengo, kwambiri. Pofika kumapeto kwa 1998 kukwera kwa chaka chonse kunali pansi pa 2 peresenti, chiwongola dzanja chinatsika, ndipo mu Julaye 1999 anachotsa maziro atatu, lev imodzi yatsopano nkufanana ndi mark imodzi. Mark italowa mu yuro mtengo unakhala 1.95583 lev pa yuro ndipo sunasunthe zaka zoposa makumi awiri, maboma akusinthasintha. Chilungamo chake mitengo inali itayamba kale kukhazikika miyezi ingapo lamulo lisanayambe, anthu atangomva kuti likubwera komanso banki yaikulu itasiya kupulumutsa mabanki akufa aja.

Nanga bwanji Estonia mitengo inakwerabe ili ndi lamulo lomwelo?

Estonia inayamba kale mu Juni 1992, ma kroon 8 pa mark imodzi, koma mpaka 1995 mitengo inkakwerabe kuposa 20 peresenti pachaka. Zinthu monga lendi, magetsi ndi thiransipoti zinali zotchipa mopanda nzeru mnthawi ya Soviet ndipo zinkayenera kukwera pang'onopang'ono, komanso ndalama zakunja zinkalowa zambiri zomwe pansi pa lamuloli zimasanduka ma kroon atsopano. Lamuloli limapha kukwera kwamisala kuja, sililonjeza kuti mitengo iima nji.

Kuipa kwake nkotani?

Kulipo ndipo sikochepa. Makampani aboma omwe ankakhalira ngongole anayenera kugulitsidwa kapena kutsekedwa, anthu ambiri ntchito zinawathera, ulova ku Bulgaria unakwera kwambiri cha m'ma 2000 ndi 2001 ndipo achinyamata ambiri anapita kunja. Chuma chikadwala dziko silingagwetse ndalama yake kapena kusewera ndi chiwongola dzanja kuti lipume, mmalo mwake zomwe zimatsika ndi malipiro ndi ntchito. Banki ikagwa palibe wosindikiza kuti ayipulumutse, monga mu 2014 pomwe Corporate Commercial Bank ya ku Bulgaria inatsekedwa anthu nkudikira miyezi kuti aone ndalama zawo. Ndipo boma likamakongolabe kunja mosaganiza lamulo lotere limasweka, Argentina inali ndi lofanana nalo kuyambira 1991 koma linagwa mu 2002. Bulgaria inapirira chifukwa maboma ake anasunga bajeti mothina, anthu omwe anaona 1997 sakanalola wandale aliyense kukhudza lev.

Kwathu kuno zoterezi zinakhalapo?

Zinakhalapo mnthawi ya atsamunda. Nyasaland ndi ma Rhodesia onse awiri ankagwiritsa ndalama za currency board yomangidwa ku paundi ya Britain, mpaka mu 1956 pomwe Bank of Rhodesia and Nyasaland inatenga ntchitoyo. Kuti lero dziko liyambe lamuloli liyenera kukhala ndi forex yokwanira kuimira ndalama zake zonse zomwe banki yaikulu yatulutsa kuyambira tsiku loyamba, ndiye kwa dziko lomwe madola a fetereza ndi mafuta amachita kusakidwa pamenepo mpovuta. Mbali yomwe ine ndimaona kuti ingatheke popanda zonsezo ndi ija yoletsa boma kukongola ku banki yaikulu, Poland inachita kuilemba mu malamulo aakulu a dziko a 1997 ngakhale sinakhalepo ndi currency board.

Lamuloli lili ndi mathero?

Estonia inalisiya mu 2011 polowa mu yuro, Lithuania mu 2015. Bulgaria nayo mu Julaye 2025 inavomerezedwa ndi European Union kuyamba yuro pa 1 Januwale 2026, pa mtengo womwe uja wa 1.95583.