Tomato akachuluka, ntchito yoyamba n'kusankha

Tomato sapsa mosinthana. Mumadikira miyezi itatu osaona ngakhale mmodzi wofiira, kenako m'sabata imodzi dimba lonse lafiira psuu, ndipo mnzanu naye wafika ndi beseni lodzaza chifukwa kwakenso wasowa pomuika. Pa ntchito yanga yophunzitsa kasungidwe ka zokolola ndaona kuti tomato wambiri sawonongeka chifukwa chosowa firiji ayi. Amawonongeka usiku woyamba, akagona mulu umodzi, wapansi akufinyika n'kumanyowetsa anzake.

Choncho akangofika, mukhuthuleni. Wong'aluka ndi wofinyika aphikidwe lero lomwe, mutachotsa pabala. Wochita nkhungu tayani yense, poti m'chipatso chofewa chotere nkhungu imalowa mkati kupitirira pomwe maso akuona. Wofiira wolimba muyaleni pamthunzi osasanjikiza, kumene kunali kaphesi kuloze pansi, chifukwa pachipsera chimenecho ndi pomwe chinyezi chimatulukira. Musamutsuke mpaka tsiku lomuphika.

Amene wangoyamba kusintha mtundu apsa yekha. Tomato amatulutsa mpweya wa ethylene, womwe umamupsetsa ngakhale atathyoledwa, ndipo mukamutsekera m'thumba la pepala pamodzi ndi nthochi yakupsa amafulumira. Koma musamuike padzuwa. Kutentha kukaposa madigiri 30 kufiira kumaima, amangoti chikasu n'kufewa. Firiji nayo siimukomera: kuzizira kochepera madigiri 12 kumapha fungo lake. Ikanimo wopsetsa yekha, kwa masiku awiri kapena atatu. Amene muli ndi firiza, longedzani wathunthu m'mapepala apulasitiki. Akasungunuka amakhala wa msuzi basi.

Njira yomwe ndimaikonda kwambiri n'kuyanika, chifukwa siifuna magetsi kapena botolo lapadera. Pa magawo 100 a tomato, pafupifupi 94 ndi madzi, moti makilogalamu 10 akauma safika ngakhale kilogalamu imodzi. Dulani mopyapyala, wazani kamchere, yalani pathandala loti mphepo izidutsa pansi, funditsani kaneti koteteza ntchentche, ndipo madzulo lowetsani m'nyumba mame asanagwe. Pakapita masiku angapo tengani kachidutswa kamodzi mukapinde. Kakamapindika ngati chikopa osamata zala, kauma. Kakamaoneka madzi mukakafinya, kabwezeni padzuwa, apo ayi kadzawoletsa konse komwe mwasunga.

Pa zosunga m'mabotolo ndi pomwe ndikupempha kuti mundimvetsetse. Kusenda n'kosavuta: lembani kamtanda ndi mpeni kunsi kwa tomato, mumviike m'madzi owira kwa mphindi imodzi, mumuponye m'madzi ozizira, khungu livuka lokha. Phikani mpaka madzi atachepa ndi theka. Vuto lili pa asidi. M'botolo lotseka mulibe mpweya, ndipo malo otere ndi omwe kachilombo ka Clostridium botulinum kamakonda. Kamalephera kukula chakudya chikakhala chowawasa mokwanira, pH yake (muyeso wa asidi, womwe umatsika asidi akachuluka) isapose 4.6, ndipo tomato amakhala m'malire momwemo, makamaka wopsetsa kapena wochokera kumitengo yomwe yauma kale. Poizoni wake amafoola minofu mpaka munthu kulephera kupuma, komanso nthawi zambiri sanunkha ndipo sasintha kakomedwe.

N'chifukwa chake pa botolo lililonse la lita imodzi muthire masupuni akuluakulu awiri a madzi a mandimu, ngakhale mukuona ngati tomato wanu ndi wowawasa kale. Lilime si muyeso. Anyezi, adyo ndi tsabola musaikemo, amachepetsa asidi. Mudzawonjezera tsiku lophika. Dzazani zikadali zotentha, siyani kampata ka chala chimodzi pamwamba, tsekani, ndipo mabotolowo muwamize m'poto, madzi awaphimbe, awire mphindi 45. Kumalo okwera wonjezerani nthawi, poti kumeneko madzi amawira asanafike madigiri 100.

Mawa lake dinani pakati pa chivindikiro. Chikakhala cholowa mkati, chosadumpha, botolo latseka. Lembanipo tsiku, musunge pamdima, mudye chaka chisanathe. Chikadumpha, idyani m'masiku ochepa mukusunga m'firiji. Ndipo tsiku lina mukadzapeza chivindikiro chatukumuka, kapena thovu likukwera m'botolo, musalawe ngakhale ndi nsonga ya supuni. Tayani pomwe ana ndi ziweto sangafike.