Mfuti ya Springfield ya 1873 ndi mkangano wa "mfuti za Custer"

Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, boma linatsala ndi milu ya mfuti za gogodela, zothira wonga kukamwa. Kuzitaya kunali kuwononga ndalama. Erskine Allin, mmisiri wamkulu pa Springfield Armory, fakitale ya boma yopanga mfuti ku Massachusetts, anadula kumbuyo kwa mpope n'kuikapo kachitseko kotsegukira m'mwamba kuti chipolopolo chizilowera kumbuyo. Kachitsekoka ndiko kanapatsa mfutiyi dzina loti Trapdoor. Pofika 1873 inali ikupangidwa yatsopano, yoombera chipolopolo cha mtundu wotchedwa .45-70, chimodzichimodzi: kutsegula, kulonga, kutseka, kuomba.

Mitundu yake ikuluikulu inali iwiri. Yaitali, ya asilikali oyenda pansi, mpope wake ndi mainchesi 32 ndi kanthu. Yaifupi, ya asilikali a pa akavalo, ndi mainchesi 22, ndipo ili ndi mphete kumanzere yokolekera lamba. Yaifupiyi ndiyo inali m'manja mwa asilikali a George Custer, mtsogoleri wa gulu lina la asilikali a boma la America, pa 25 June 1876, pamene ankhondo a Lakota ndi Cheyenne, mitundu ya eni nthaka a ku America, anawagonjetsa pa mtsinje wa Little Bighorn.

Mkangano unayambira pomwepo. Zigoba za zipolopolo zinali za kopa wofewa, ndipo mfuti ikatentha kapena kuda, chigoba chinkakanirira mkati mpaka msilikali kuchizula ndi mpeni. Ambiri anati n'chimene chinaphetsa Custer. Koma moto wolusa utapsereza udzu pamalopo mu 1983, akatswiri ofukula zakale anatola zigoba zambiri ndipo zochepa chabe ndizo zinali ndi zipsera za mpeni. Vutolo linalipodi, koma kuliimba mlandu wonse n'kukokomeza.

Mbiri imeneyi ndiyo inakweza mtengo. Osonkhanitsa mfuti zakale amasakasaka yaifupi yokhala ndi nambala ya kufakitale yosapitirira pafupifupi 43,700, chifukwa zimenezi zinapangidwa nkhondoyo isanachitike. Nambala yotereyi imangotanthauza kuti mwina mfutiyo inali ku nkhondoyo, osati kuti inalikodi, koma ogulitsa sakonda kumveketsa mawu akuti "mwina".

Zachinyengo n'zambiri, ndipo sizinayambe lero. Boma litagulitsa zotsala, amalonda ngati Francis Bannerman wa ku New York ankalumikiza zidutswa za mfuti zosiyanasiyana. Ena pambuyo pake anadula zazitali kuti zioneke zazifupi. Pofuna kugwira yodulidwa, yang'anani kutsogolo kwa mtengo wogwirira mfutiyo: yaitali ili ndi bowo la ndodo yotsukira, ndipo wodula amalitseka ndi kamtengo kapena phula. Yaifupi yeniyeni ilibe bowolo. Yoyambirira ilibenso kachitseko pa chitsulo cha kuthako kwa mfuti, chifukwa kameneka kanabwera ndi mtundu wa 1877. Pamtengo pafunika chidindo cha ESA, zilembo za dzina la Allin, ndipo chikaoneka chakuthwa pa mtengo wotha, kaikirani.

Chimene chimaononga mfuti zambiri zabwino ndi mwini wakhama. Kupala chitsulo kuti chiwale kapena kukwecha mtengo ndi sandipepa kumafafaniza chidindo ndipo mtengo wogulitsira mfutiyo umatsika. Mafuta pang'ono pansalu akwana. Mkati mwa mpope mumakhala maenje a dzimbiri chifukwa zotsalira za wonga wakuda zimakoka chinyezi. Ndipo zipolopolo zina za .45-70 zamakono zimapangidwira mfuti zolimba kwambiri. Mu Trapdoor zingathyole kachitseko pafupi ndi nkhope ya woombayo.