Ekiselo ya kumbuyo ikakana kutuluka, hamala iyambe yadikira

Njinga yamoto ikabwera pagalaja yanga ili ndi ekiselo (chitsulo chimene gudumu limazungulirapo) yokanirira, ndimayamba ndayang'ana kunsonga kwa mazinga. Nthawi zambiri ndimapeza kutafutukuka ngati bowa, mazinga ataphwanyika, ndipo ndimadziwiratu kuti mwini wake wayimenya ndi hamala mpaka thukuta. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa chitsulo chofutukuka chotero sichingadutsenso m'mabeyaring'i. Ntchito ya ola limodzi yasanduka ya tsiku lathunthu.

Choyamba n'kudziwa chimene chagwira ekiseloyo. Zifukwa zake n'ziwiri, kupanikizika ndi dzimbiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Nthawi zina si dzimbiri ayi, ekiselo yangopanikizika. Mukaimika njinga pa sitandi yapakati kapena pa jeke, tayala limalendewera, kulemera kwake konse n'kutsamira pa ekiselo. Tcheni nacho chimakokera kutsogolo. Masulani mabawuti okungira tcheni mbali zonse ziwiri, kankhirani tayala kutsogolo, ndipo ngati njinga yanu ndi ya mabuleki a dilamu, chotsani ndodo ya buleki ndi chitsulo chimene chimagwira mbale yake. Kenako lowetsani thabwa pansi pa tayala kuti linyamuke pang'ono pokha. Ndaonapo ma ekiselo ambiri "okanirira" akutuluka ndi dzanja limodzi thabwa litangolowa.

Zifukwa ziwirizi mungazisiyanitse mosavuta. Chotsani pini ngati ilipo, masulani nati, ikani sipanala kumutu kwa ekiselo ndipo yesani kupotokola. Ikamazungulira yokha, ma spacer (timapaipi tifupitifupi tovekedwa pa ekiselo m'mbali mwa gudumu) ali phee, vuto n'lochepa. Ikamazungulira pamodzi ndi spacer kapena kulimba ngati yawotcheleredwa, ndiye kuti dzimbiri lamanga.

Dzimbirilo limakhala pamalo amene simungawaone. M'kati mwa gudumu, pakati pa mabeyaring'i awiri, muli kapaipi kachitsulo, ndipo ekiselo imadutsa m'menemo. Mpata wake ndi wochepa kwambiri. Madzi a mvula, a m'matope, makamaka a mpope wotsukira wamphamvu, akalowa satulukanso. Dzimbiri limatenga malo ambiri kuposa chitsulo chimene ladya, choncho limadzaza mpatawo n'kumata ziwirizi. Pamene ma spacer ali a aluminiyamu pamabwera unga woyera m'malo mwa dzimbiri lofiira, koma kugwira kwake n'chimodzimodzi.

Apa pamafunika mafuta olowerera m'dzimbiri, monga WD-40 kapena ena a mtundu umenewo. Thirani paliponse pamene spacer yakumana ndi ekiselo, mbali zonse, ndipo ngati n'kotheka pendekeni njinga kuti mafuta atsetsereke kulowa m'kati. Muwapatse nthawi. Mphindi 5 sizikwanira. Ine ndimathira madzulo, n'kudzagwira m'mawa. Samalani kuti asadonthere pa mabuleki.

Ikafika nthawi yomenya, bwezerani nati mpaka ifanane ndi nsonga ya ekiselo kuti iteteze mazinga. Ngati ili nati ya mano olowetsamo pini, itembenuzeni kuti mbali yosalala iyang'ane kunja. Pakati pa hamala ndi nati pakhale chitsulo chofewa, cha mkuwa kapena aluminiyamu. Chimene anthu ambiri amaiwala ndi mbali inayo: mukamenya, mkono wa swingarm (chitsulo cha mikono iwiri chimene chimagwira gudumu la kumbuyo) umagonja n'kumeza mphamvu yonse, ndipo ukhoza kupindika. Mnzanu agwirizize paipi yolemera pamkonowo, yaikulu moti mutu wa ekiselo ulowemo. Menyani molunjika komanso mwamphamvu, kawiri kapena katatu, osati kugogoda kosalekeza. Ikasuntha ngakhale mamilimita 2, mwapambana. Ibwezereni m'kati, thiraninso mafuta, potokolani, menyaninso. Kupita ndi kubwerera kumeneku ndiko kumaphwanya dzimbiri.

Kutenthetsa kumathandiza ngati chagwira ndi spacer yakunja, makamaka ya aluminiyamu, popeza imafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo ikatentha. Koma pafupi pomwepo pali ma seal a labala otchinga fumbi ndi madzi, girisi, tayala, ndipo thanki ya petulo ili pamwamba. Ine lawi lamoto sindiliyandikitsa pamenepo; mpweya wotentha wa heat gun ndi wokwanira. Kapaipi ka m'kati kaja kutentha sikukafika.

Zonsezi zikakanika, musapitirize kulimbana nayo. Dulani ekiselo ndi sowo yachitsulo mbali zonse ziwiri, podutsa pa ma spacer, pakati pa gudumu ndi swingarm. Gudumu lituluka, ndipo chidutswa chotsalacho chikakankhidwe ndi makina a press. Ekiselo ndi ma spacer atsopano n'zotchipa poyerekeza ndi swingarm kapena gudumu losweka.

Ekiselo ikatuluka ndi hamala, mabeyaring'i musawakhulupirirenso. Anapangidwa kuti azinyamula katundu wochokera pamwamba, ndipo kumenyedwa cham'mbali kumasiya timaenje m'njira ya timipira take tachitsulo. Lowetsani chala, zungulizani. Mukamva kukhakhala kapena kudumphadumpha, sinthani onse. Ekiselo nayo igubuduzeni pagalasi kuti muone ngati yapindika. Ikakhala yowongoka, ipaleni ndi sandipepala wosalala, tsukaninso m'kapaipi muja, ndipo pakani girisi wosalowa madzi thupi lake lonse musanaibwezere. Nati imangidwe pa mlingo umene buku la njinga yanu lanena, ndipo pini ikhale yatsopano.